Bwalo la Ana: Mbiri ya Ciato, Cidunu ndi Nyimbo za Pamwezi

Lamulungu lina, Misa yaciwiri itatha, tinaima pamthunzi wa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi, kudikira kuti msonkhano wa akuluakulu a parishi uyambe. Pafupi nafe panali atsikana anai a zaka ngati 8, atakhala pansi mozungulira kadzenje kamene anakumba ndi kamtengo. Anali kusewera ciato. Amai ena acikulire amene tinali nao analeka nkhani imene anali kukamba, nayang'anitsitsa manja a anawo kwa nthawi yaitali. Pamapeto pake anati, "Umu ndi mmene tinali kucitira ife kwa Kawaza masiku a Welensky. Kodi anawaphunzitsa ndani?" Tinawafunsa anawo. Anayang'anana, naseka, ndipo mmodzi anayankha kuti, "Palibe. Tinangoonera anzathu."

Mwanayo ananena zoona. Pemphero, mwambo wa kugwada popatsa akulu madzi, kagwiridwe ka khasu, zonsezi mwana amalandira kwa makolo ndi ambuye ake. Koma ciato, cidunu, nsikwa, waida, ndi nyimbo zimene zimayenda pamodzi ndi masewera otere, kawirikawiri palibe wamkulu amene amakhazika mwana pansi kuti amuphunzitse. Ndi cuma cimene ana amasungirana okha, wamkulupo pang'ono kupatsira wamng'ono, ndipo cayenda motero kucokera kumidzi ya makolo athu kufikira m'makomboni a Lusaka, popanda buku, popanda mphunzitsi, popanda ngwee ya boma.

Masewera otsata nyengo

Kumidzi ya Acewa, Angoni ndi Ansenga, kum'mawa kwa dziko lino, masewera anali kutsata nyengo monga umacitira ulimi. M'dzinja mpata unali wocepa. Ana anali kuthandiza kupalira, kuingitsa anyani ndi mbalame kumunda, ndi kuweta ng'ombe ndi mbuzi kuti zisalowe m'minda ya eni. Komabe kudambo, ziweto zili kudya, abusa anali kuumba ng'ombe zadothi za nyanga ndi linunda, nazimenyanitsa kufikira ya wina itathyoka nyanga. Mnyamata waluso pa kuumba anali kulemekezedwa ndi anzake ngati mwini khola weniweni.

Nthawi yeniyeni ya masewera inali masika, cimanga citalowa m'nkhokwe. Apo ndipo panali kuyamba masanje. Ana a mudzi wonse anali kutuluka kunja kwa mudzi, namanga timisasa ta mapesi ndi udzu, nasankhana: uyu atate, uyu amai, awa ana, uyu anyakwawa. Atsikana anali kukunkha cimanga, nyemba ndi nsawa zotsalira m'minda, nasinja, naphika m'timiphika tao pa moto weniweni. Anyamata anali kupita kukakumba mbewa kuti pabanja pakhale ndiwo. Panalinso wina wosankhidwa kukhala fisi, amene nchito yake inali kuzemba ndi kuba cakudya eni ake atayang'ana kumbali. Nsima ya kumasanje nthawi zambiri inali yosapsa, yamibulu, yonunkha utsi, koma ambiri a ife sitinadyeponso ina yokoma kuposa imeneyo. Akulu sanali kulowerera. Anali kungomva patali mmene anyakwawa a zaka 10 anali kuweruzira mlandu wa nkhuku, ndipo nthawi zina anali kucita manyazi pozindikira mau ao omwe, ndi ndeu zao zomwe za m'nyumba, zili kutuluka m'kamwa mwa ana.

Nsikwa nayo inali kudikira masika, cifukwa inafuna zitsononkho. Anyamata anali kukhala mizere iwiri moyang'anizana, aliyense ataimika zitsononkho zake patsogolo. Nsikwayo inali kacibenthu ka cipanda kosemedwa mozungulira, kobooledwa pakati, m'mene analowetsamo kamtengo. Munthu anali kuipota ndi zala kuti ithamange pabwalo ndi kukagwetsa zitsononkho za mbali inayo.

Ciato ndi nsolo zinalibe nyengo, pakuti miyala ndi dothi sizisowa. Pa ciato wosewera aponya mwala umodzi m'mwamba, ndipo usanagwe, dzanja lomwelo litulutse miyala m'dzenje ndi kuwakha uja woponyedwa. Aponyanso, nabwezera yonse m'dzenje kusiyapo umodzi wokha. Akatha yonse motero, ayambanso, tsopano kusiya iwiri iwiri, kenaka itatu itatu. Mwana wa zaka 6 amene sanaonepo khomo la sukulu anali kuwerenga, kucotsera ndi kugawa m'magulu, maso ali m'mwamba, dzanja lili pansi. Abemba sewero lomweli amalicha iciyenga. Nsolo, ya mizere inai ya maenje, ndi yakale kwambiri ndipo abale ake ali ponseponse: Abemba amati isolo, Atonga cisolo, Ashona a ku Zimbabwe tsoro, ndipo ku Malawi kuli bawo. Imeneyi inali ya amuna akulu pansi pa mtengo, koma anyamata anali kuonerera ali cete kumbuyo kwao, napita kukakumba maenje ao kuseri kwa khola.

Mwezi ukawala

Amene anakulira kumudzi sangaiwale usiku wa cilimwe, mwezi uli mbee, nsima itadyedwa. Mtsikana mmodzi anali kuyamba kuomba m'manja pabwalo, ndipo posacedwa nyumba iliyonse inali kutulutsa ana ake. Nyimbo za pamwezi zinali za mtundu umodzi m'kamangidwe kake: mmodzi atsogolera, onse abvomera, manja ndi mapazi ndiyo ng'oma. Zinalipo za kuzungulira atagwirana manja, za kulowa pakati mmodzi mmodzi ndi kusankha wolowa m'malo mwako, za kukokana magulu awiri, za kupatsirana mwala mogwirizana ndi kaimbidwe, kumene wocedwa anali kupezeka ndi mulu wa miyala patsogolo pake. Atsikana osinkhukirapo anali kubvina citelele, ang'onoang'ono ali m'mbali kuyeserera, ena ali ndi khanda kumbuyo. Khandalo linali kumva kugunda kwa nyimbo m'thupi la mkulu wake lisanadziwe ngakhale kukwawa.

Tisanamizane kuti zonse zinali zabwino. Nyimbo zambiri za ana zinali zotonza, ndipo mwana wacibwibwi, wolumala, wacialubino kapena wokodza pamphasa anali kubwerera kunyumba akulira, nyimbo yake ikumutsata m'mbuyo. Kubusa, wamng'ono anali kumenyanitsidwa ndi mnzake kuti akuluakulu a gululo asangalale. Atsikana anali kusewera mtsuko ukuwadikira, pamene abale ao aamuna anali ndi tsiku lonse. Ndipo si popanda cifukwa kuti makolo ena, pamodzi ndi akatekisiti ndi aphunzitsi a mishoni, anali kukaikira magule a usiku a anyamata ndi atsikana otha msinkhu. Koma pabwalo pomwepo mwana anali kuphunzira kudikira nthawi yake, kugonja osalira, kutsutsa wonyenga, ndi kupangana malamulo ndi anzake popanda wamkulu woimirira ndi cikoti.

Zina mwa nyimbo za masiku amenewo zinasungidwa. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda ndi makina ojambulira mau m'Northern Rhodesia ndi m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimene anajambula zili ku Rhodes University, ku South Africa. Koma nyimbo ya m'makina ili ngati nsomba youma: iliko, koma siisambira.

Sukulu ndi komboni

Zinthu ziwiri zinasintha bwalo la ana. Coyamba ndi sukulu. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero, pafupi ndi Fort Jameson imene lero ndi Chipata, mu 1899, ndipo m'zaka zotsatira mipingo ina, kuphatikizapo Abambo Oyera, inatsegula masukulu ake m'midzi ya kum'mawa. Sukulu inabwera ndi belu, ndi nthawi yopuma yoyesedwa ndi wochi, ndi mpira wamiyendo, mpira wamanja wa atsikana, kuguba, ndi nyimbo za masewera za ana a ku England. Ana athu anazilandira zonse, koma anazipinda monga mwa lilime lao. Mau a Cingerezi amene sanali kuwamva tanthauzo anawatafuna kufikira anasanduka cilankhulo cacilendo cimene ngakhale Mngerezi sangacizindikire. Mau ambiri owerengera amene ana amachula posankha woyamba kufunafuna anzake ali otere: theka Cingerezi cophwanyika, theka Cinyanja, ndipo ena alibe tanthauzo m'cilankhulo ciliconse.

Caciwiri ndi ulendo wa kutauni. Msonkho wa nyumba umene azungu anaika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 unatulutsa amuna m'midzi kukafuna ndalama ku Salisbury, ku Wankie ndi m'mapulazi a fodya. Migodi ya mkuwa itatsegulidwa ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo Lusaka atakhala likulu mu 1935, mabanja athunthu anayamba kusamuka. M'makomboni a Luanshya, Kitwe, Kabwe ndi Lusaka, mwana wa Mcewa anapezeka khomo limodzi ndi mwana wa Mbemba, wa Mlozi, wa Mtonga, ndi wa munthu wocokera ku Nyasaland. Makolo anali kuyamba acenjerana, koma ana tsiku lomwelo anali pabwalo limodzi, aliyense atabweretsa sewero la kwao.

Pali sewero lina lodziwika la kuchula nyama. Wotsogolera achula nyama imodzi imodzi mofulumira, ndipo ena alumphe ndi kubvomera ngati nyamayo imadyedwa. Wolumphira nyama yosadyedwa watuluka. Kumudzi panalibe mkangano, pakuti onse anali kudya zofanana. Koma ku Matero kapena ku Wusakile, akachula mbewa, ana onse a kum'mawa ali m'mwamba, ana a Abemba ali cilili, atakwinya nkhope. Akachula pusi, zinthu zatembenuka. Mkangano wake unali kutha ndi phwete, ndipo tikhulupirira kuti ambiri a ife cimbuya tinaciphunzirira pamenepo, tisanamve n'komwe za nkhondo za Angoni ndi Abemba.

Mu 1966 Cingerezi cinakhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo m'masukulu ambiri kulankhula cilankhulo ca kwanu m'kalasi unali mlandu. Belu la nthawi yopuma likalira, malilime anali kumasuka. Cinyanja ca m'tauni, cimene akulu a kumudzi amaciseka cifukwa ca kusakaniza kwake, mbali yaikulu cinakulira pa mabwalo amenewa, pakati pa ana ofuna kumvana msanga kuti sewero liyambe.

Tauni inalibe zitsononkho, mapesi kapena dambo la dothi loumbira, koma inali ndi zinyalala zake, ndipo ana anazisandutsa cuma. Zitsekerero za mabotolo zinalowa m'malo mwa miyala. Mpira wa nsanza unasanduka cimpombwa, ca mapepala a pulasitiki omangidwa ndi zingwe mwaluso kotero kuti cidunda ngati ca m'sitolo. Chubu cakutha ca njinga, cikadulidwa ndi kulumikizidwa, cinakhala cingwe ca waida: atsikana awiri aima cingwe cili m'akakolo, wacitatu alumpha, ndipo akapambana cingwe cikwera m'mawondo, m'ciuno, kufikira m'khwapa. Sewero lofanana nalo linafala m'masukulu a ku Britain m'zaka za m'ma 1960, umboni wakuti masewera a ana saona malire a maiko. Pa gemu, awiri aponyerana mpira kuti alase amene ali pakati, iye ali kuzinda uku akudzaza mcenga m'botolo. Likadzaza asanalasidwe, gulu lake lonse lauka. Cidunu cinapeza malo abwino obisalira kuseri kwa zimbudzi ndi m'ngalande za komboni, ndipo wobisala wolimba mtima anali kuthamanga kukamenya mpira wa pakati kuti amasule anzake onse ogwidwa. Anyamata amene atate ao anali kuumba ng'ombe zadothi anayamba kupinda mawaya, napanga magalimoto a ciwongolero cacitali, mawilo okhota, ndi malo oikamo katundu.

Zimene ofufuza anapeza

Magalimoto a mawaya amenewa analowa m'mabuku a ophunzira. Robert Serpell, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa University of Zambia nakhalanso mkulu wake kuyambira 2003 kufikira 2006, anafalitsa mu 1979 zotsatira za kuyesa kumene anacita pakati pa ana a ku Lusaka ndi a ku England. Anawapatsa zithunzi ndi zinthu zakuti atsanzire. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a ku Lusaka anawasiya kutali. Poumba, magulu awiriwo anafanana. Mayeso a pepala okha akadanena kuti ana athu ndi obwerera m'mbuyo, cikhalireco nzeru zao zinali m'zala, kumene masewera anaziika. Malemu Mapopa Mtonga, wa pa yunivesite yomweyo, anasonkhanitsa masewera ndi nyimbo za ana a Acewa ndi Atumbuka, ndipo buku lake, Children's Games and Plays in Zambia, linasindikizidwa mu 2012.

Koma mfundo imene yatikhudza koposa inacokera kutali. Iona ndi Peter Opie, mwamuna ndi mkazi wake a ku England, anasonkhanitsa nyimbo, nthabwala ndi miyambo kwa ana a sukulu okwana 5,000, nalemba buku lochedwa The Lore and Language of Schoolchildren mu 1959. Iwo anaona kusiyana pakati pa nyimbo yotonthozera khanda ndi nyimbo ya pabwalo. Yotonthozera khanda munthu amaimva ali mwana, naisunga zaka 20 kapena kuposapo, kufikira atabala wake. Ya pabwalo imapatsiridwa tsiku lomwelo, ndipo mwana amakhala nayo zaka zowerengeka cabe, asanakule ndi kuyamba kuicitira manyazi. Ndiye kuti mbadwo wa pabwalo ndi waufupi, wa zaka ngati 5 kapena 6. Ciato cimene amai aja anasewera kwa Kawaza cadutsa m'manja mwa mibadwo ya ana yoposa 10 kuti cifike kuseri kwa chalichi cathu. Ndiye kutinso pamalo pakangopita zaka zocepa ana osakumana pabwalo, unyolo waduka, ngakhale akulu onse odziwa sewerolo akali moyo.

Cimene cikudula unyolo

Ife akulu timafulumira kuloza cala wailesi yakanema ndi foni. Kanema anayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo ana a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, amene anali kuunjikana pa windo la nyumba imodzi yokhala naye m'komboni, ndiwo omwe anasewera gemu ndi waida kufikira mdima. A Opie naonso anapeza kuti akulu a kwao akhala akudandaula kuti masewera akutha kuyambira kalekale, masewerawo ali cipitirire. Sitikana kuti foni imadya nthawi ya mwana. Koma ife tiona kuti mdani wamkulu ndi kusowa kwa malo.

Yendani m'Chilenje, m'Kabwata kapena m'Chipata momwe, mufunse akulu kumene anali kusewera. Adzakulozerani nyumba, sitolo, malo omwera mowa, kapena garaji. Malo ambiri amene anasiyidwa dala pakati pa nyumba kuti ana azisewerapo anadulidwa mapuloti. Nyumba zazingidwa ndi mipanda ya zidina yaitali kuposa munthu, ndipo mwana wa m'kati sadziwa dzina la mnzake wa kuseri kwa mpanda. Mseu umene unali bwalo wadzala magalimoto. Makolo, pakumva nkhani za ana ogwiriridwa ndi obedwa, amatseka geti, ndipo ndani angawadzudzule?

Nthawi nayo yacepa. Mwana akaweruka kusukulu apita ku maphunziro apadera olipira, Ciweru comwe, chuti comwe. Ndipo cimene sitiganizirapo kawirikawiri ndi ici: ana tawagawa monga mwa misinkhu yao. Wa zaka 4 ali ku nasale ndi anzake a zaka 4 okhaokha. Adzaonera yani? Kumasanje ndi pamwezi, wa zaka 4 ndi wa zaka 12 anali pamodzi, ndipo sukulu yake inali imeneyo. Masukulu atatsekedwa mu Marichi 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, ana ambiri a m'mayadi anakhala miyezi osaonana ndi mnzao aliyense, pamene a m'Kalingalinga ndi m'Mtendere, amene alibe mipanda yowatsekera, anapitiriza kusewera m'tinjira tao. N'cifukwa cake lero masewera akale muwapeza amoyo pakati pa ana a anthu osauka kuposa pakati pa ana a opeza bwino.

Pa mapepala zinthu zili bwino. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, limene dziko la Zambia linabvomereza mu 1991, m'ndime 31 limanena za ufulu wa mwana wa kupuma ndi kusewera. Kuyambira mu 2024, tsiku la 11 Juni linaikidwa kukhala la masewera pa dziko lonse. Masukulu ena amaonetsa ciato ndi nsolo pa tsiku la zacikhalidwe, ana atabvala zitenje, mphunzitsi ali ndi wezulo m'kamwa. Zonsezi n'zabwino, koma sewero loyang'aniridwa ndi wamkulu kamodzi pa caka lasanduka phunziro. Cimene ana afuna kwa ife n'cocepa: malo a dothi, nthawi yosawerengedwa, anzao a misinkhu yosiyana, ndi wamkulu wokhala capatali, woona koma wosalamula. M'makomboni ambiri malo otseguka amene atsala ndi bwalo la sukulu ndi la chalichi. Msonkhano umene tinali kudikira Lamulungu lija unali wokambirana za kuthira simenti kuseri kwa chalichi kuti pakhale poimika magalimoto, pamalo pomwe panali kadzenje ka atsikana aja. Nkhaniyo inakambidwa nthawi yaitali, ndipo amai a kwa Kawaza, amene sakonda kulankhula pa misonkhano, anaimirira kawiri.

M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Makanema anakhala cete, mafoni anatha moto. Usiku wina wa mwezi, mumseu wathu, tinamva phokoso limene tinali titaliiwala. Ana ngati 20 anali panja. Cidunu anali kucidziwa, ngakhale anakangana nthawi yaitali za malamulo ake. Atatopa anayesa nyimbo ya kuzungulira, koma inawathera pakati, pakuti palibe anali kudziwa mau otsatira. Amene anawaombola anali mtsikana wa zaka ngati 11, wocokera ku Katete, amene anabwera kudzathandiza azakhali ake kulera khanda, yemwe masana anzakewo anali kumuseka cifukwa ca kalankhulidwe kake ka kumudzi. Anaima pakati, khanda lili kumbuyo, nawakonza mmene agwiranirane manja, nayambitsa. Anabwereza katatu kufikira onse atadziwa pobvomera. Usiku wotsatira tinaimvanso nyimboyo ikucokera mumseu wa kuseri, kumene mtsikanayo sanapiteko.